Senya ya pamsika ija imapita kuti? Za munisipiyu, msonkho ndi mashikola kuno ku Tete

Azakhali anga amagulitsa kachewere, kabichi ndi anyezi pamsika wina kuno kwathu, sinditchula msika wake. Mmawa uliwonse asanagulitse ndi mulu umodzi womwe amabwera mnyamata wa kabuku uja, fisikali, kung'amba kapepala, iwo kupereka ndalama, iye kupita pa benchi lotsatira. Timapepala timeneti, senya, timalisiti ta msonkho wa pamsika, iwo sataya ayi, amatiunjika mu kachitini ka mkaka komwe amasungiramo singano ndi mabatani, ati tsiku lina wina adzandinamizira kuti sindinalipire. Ndiye tsiku lina ndinapita kukawaona, tikusenda nyemba pakhonde anandifunsa kuti "Iwe mwana wa achimwene, paja unapita kushikola, tandiuza. Ndalama ndimapereka tsiku ndi tsikuzi zimapita kuti? Chimbudzi cha pamsika chinadzadza kalekale, mdzukulu wanga kushikola akukhala pansi pa fumbi, nanga munisipiyu yanuyo ntchito yake nchiyani?" Ndinangoti azakhali nkhaniyi njaitali, koma zoona zake nzakuti inenso yankho lenileni ndinalibe. Ndakhala ndikuifufuza pang'onopang'ono, ndipo zomwe ndamvetsa ndi izi.

Poyamba munisipiyu yeniyeniyo nchiyani, chifukwa abale a ku Malawi ndi ku Zambia akamva mawuwa amaganiza kuti ndi boma la disitiriti. Ayi. Ndi khonsolo ya tauni yomwe anthu okhala mtaunimo amasankha okha, pa Chipwitikizi amati autarquia. Si chinthu chakale kwambiri kuno ku Mozambique. Lamulo lake linabwera 1997, masankho oyamba anachitika 1998 m'matauni 33 okha, chipani chotsutsa cha Renamo chinawanyanyala ndipo anthu omwe anapita kukavota anali ochepa zedi. Mu provinsiya yathu ino omwe analowa nthawi imeneyo anali Tete ndi Moatize basi. Ulongwe inalowa 2008 pomwe chiwerengero chinafika 43, Nhamayabue wa ku Mutarara analowa 2013 zitafika 53, kenako Chitima mu 2023 pomwe dziko lonse lafika pa 65. Ndiye mukaona, provinsiya yonse yaikuluyi ma munisipiyu ndi asanu okha. Munthu wa ku Furancungo, ku Tsangano, ku Chifunde kapena ku Domwe alibe meya, iye amayang'ana kwa administradori yemwe amachita kutumizidwa, savoteredwa.

Kuyambira 2018 kasankhidwe kanasinthanso. Kale tinkavotera munthu payekha kuti akhale pulezidenti wa munisipiyu, pano timavotera mndandanda wa chipani ndipo amene ali pamwamba pa mndandanda womwe wapambana ndiye amakhala meya. Zikuoneka ngati kanthu kakang'ono koma taganizani, munthu amene wakhala pampando chifukwa chipani chinamuika nambala wani, akadzuka mmawa amaopa ndani kwambiri, azakhali anga kapena komiti ya chipani? Ine ndili ndi yankho langa, inu mukhale ndi lanu.

Chomwe chimasokoneza anthu ambiri nchakuti mu mzinda umodzi wa Tete muli mabwana angapo. Muli govenadori yemwe kuyambira 2019 amachokera ku mavoti, muli Secretário de Estado yemwe amaikidwa ndi pulezidenti wa dziko, muli administradori wa disitiriti, ndiye muli meya. Atambala anayi khola limodzi. Ndipo zinthu zambiri zomwe timatukwanira munisipiyu si zake nkomwe. Magetsi ndi a EDM, kampani ya boma lalikulu. Madzi a m'mipope kwa zaka zambiri anali m'manja mwa bungwe la boma lalikulu la FIPAG ndi makampani ake. Msewu waukulu wa N7 wopita ku Moatize mpaka ku Zóbuè ndi wa boma lalikulu. Ndalama za pa mlatho sizilowa m'thumba la meya. Za munisipiyu zenizeni ndi zinyalala, misika, misewu ya m'mabairu (madera okhala anthu m'tauni), ngalande, manda, kugawa mapuloti, malisensa a tima bizinesi ndi zomangamanga, apolisi ake aja othamangitsa ogulitsa m'mbali mwa msewu, ndi kuyang'anira ma chapa (maminibasi) ndi ma txopela (tima takisi ta matayala atatu). Zimenezo basi, koma pa mzinda womwe mu kalembera wa 2007 unali ndi anthu ngati 155,000 ndipo pofika 2017 unali utadutsa 300,000, zimenezo zokha ndi katundu wothyola khosi. Anthu anachuluka kawiri m'zaka khumi chifukwa cha malasha, Chingodzi ndi Matundo zinakula ngati bowa, nyumba kumangidwa msewu usanalembedwe nkomwe.

Tsono thumba lake. Ndalama za munisipiyu zimachokera mbali ziwiri, zina zimatsika kuchokera ku Maputo, zina imatolera yokha. Za ku Maputo zazikulu ndi FCA, Fundo de Compensação Autárquica, yomwe lamulo la 2008 linati ikhale 1.5% ya misonkho yonse ya dziko, ndiye ka 1.5% kameneko agawane ma munisipiyu onse potengera kuchuluka kwa anthu ndi kukula kwa malo. Mwamva bwino, onse. Akawonjezera matauni atsopano nsima ndi yomwe ija koma manja achuluka m'mbale. Palinso ina ya zitukuko ndi ina ya misewu yochokera ku Fundo de Estradas. Vuto lake ndalamazi zimachedwa, nthawi zina miyezi, ndipo chibwerereni TSU mu 2022, ndondomeko yatsopano ya malipiro a ogwira ntchito m'boma ija, ma munisipiyu ambiri m'dziko muno akhala akulira kuti ndalama yonse ikuthera malipiro, ena mpaka antchito awo kukhala miyezi osalandira nkuyamba sitalaka. Mukaona thirakitala ya zinyalala yaima sabata ziwiri nthawi zina si ulesi, ndi dizilo palibe.

Zotolera yokha ndiye pali nkhani. Pali IPA, Imposto Pessoal Autárquico, msonkho wa pamutu womwe munthu wa zaka 18 mpaka 60 amayenera kupereka kamodzi pachaka, amauwerengera pa malipiro ochepetsetsa a dziko, kuyambira 1% mpaka 4% kutengera kukula kwa tauni. Ambiri timaukumbukira pokhapokha tikafuna chikalata ku bairu ndiye sekeletale nkutifunsa lisiti. Pali wa magalimoto womwe aliyense amangoti manifesto. Pali sisa, 2% nyumba ikagulitsidwa. Pali TAE ya aliyense wochita bizinesi, malisensa, senya za m'misika, ndi ya zinyalala yomwe m'matauni ambiri imadulidwa mukagula mayunitsi a magetsi a Credelec, ngati simunaonepo tayang'anani ka lisiti kaja bwinobwino, mupeza kuti si ndalama yonse yomwe imasanduka magetsi. Ndiye pali IPRA, msonkho wa nyumba, 0.4% ya mtengo wa nyumba yogonamo ndi 0.7% ya nyumba ya bizinesi pachaka. Umenewu ndi womwe unayenera kukhala ng'ombe ya mkaka, koma ndi womwe umatoleredwa movutikira kwambiri.

Tiyeni tichite masamu pang'ono, mongoyerekeza. Tinene kuti senya ndi 10 metikali patsiku. Mayi wogulitsa masiku 6 pa sabata, pachaka wapereka 3,120. Tsono titenge bambo yemwe ali ndi nyumba ya mtengo wa 1,000,000 metikali, IPRA yake pachaka ndi 4,000. Mwaona? Mayi wa mulu wa tomato ndi bambo wa nyumba ya mpanda ndi geti akusiyana pang'ono chabe, ndipo mayiyo sangathawe chifukwa fisikali amamupeza pa benchi mmawa uliwonse, pomwe bamboyo nyumba yake mwina sinalembedwe nkomwe m'kaundula, kapena inalembedwa ili ya zipinda ziwiri pano ili ya m'mwamba ndipo akuchititsa lendi kwa anthu a ku migodi. Kuti utolere IPRA pamafunika kaundula wa nyumba zonse, manambala a nyumba, misewu ya maina, anthu odziwa kuyeza mtengo wa nyumba, komanso mtima wolimba wokagogoda pa geti la munthu yemwe mwina ndi shefi wako ku chipani. Kung'amba senya ndi kophweka. Apa ndi pomwe ine ndimaona kuti chilungamo chinapotoka, msonkho ukulemera kwa amene ali pafupi ndi dzanja osati kwa amene ali nazo.

Ndipo anthu a kuno kudana ndi msonkho sikuti ndi umbuli ayi, kuli ndi mbiri yake. M'chigwa cha Zambezi muno nthawi ya maprazo, minda ikuluikulu ya atsamunda ija, ndi ya Apwitikizi kunali msonkho wa pamutu womwe m'mabuku awo analemba kuti mussoco, tamverani bwino mawuwo, ndi msonkho wathu womwewu anangoupotoza lilime. Wolephera kulipira ankagwidwa ndi asipayi nkupita ku chibalo, ntchito yokakamiza. Agogo athu ambiri a ku Angónia anawoloka kupita ku Nyasaland kuthawa zimenezo, nchifukwa chake mpaka lero mabanja ali uku ndi uku, wina ku Calómuè wina ku Dedza, wina ku Biriwiri mbali iyi wina mbali inayo ya msewu. Munthu amene anakula akumva nkhani zimenezi kwa agogo ake, wa kabuku akafika samaona chitukuko, amaona msipayi. Kumidzi kunja kwa munisipiyu msonkho wa pamutu ulipobe, umatchedwa IRN, ndipo amatolera ndi mafumu ndi masekeletale. Pa zionetsero zomwe zinatsatira masankho a Okutobala 2024 tinaona m'madera ambiri a dziko lino anthu akukana kulipira pa mageti a misewu ndi m'misika, ena ankati ndi chipolowe chabe koma pansi pake panali funso lomwe lija la azakhali anga.

Tibwere ku shikola, chifukwa pa kampeni aliyense wofuna umeya amalonjeza maphunziro. Zoona zake nzakuti mphunzitsi salembedwa ntchito ndi meya, salipidwa ndi meya, mabuku sachokera kwa meya, ngakhale dirékita wa shikola saikidwa ndi meya. Zonsezo zimayenda kuchokera ku unduna ku Maputo, kudzera ku provinsiya, kufika ku ofesi ya maphunziro ya disitiriti ija timangoti SDEJT. Mu 2006 kunatuluka Decreto 33/2006 yomwe inatsegula khomo loti mashikola a pulayimale ndi zipatala zing'onozing'ono zipite m'manja mwa ma munisipiyu, koma papita zaka pafupifupi makumi awiri ndipo kupatula mzinda wa Maputo zinthu sizinayende kwenikweni, Beira inapempha kwa zaka zambiri osapatsidwa. Ena amati boma lalikulu limaopa kupereka mashikola kwa matauni omwe mawa angagwe m'manja mwa otsutsa, ena amati ma munisipiyu alibe anthu ndi ndalama zoyendetsera, ine ndimaona kuti zonse ziwiri nzoona nthawi imodzi.

Ndiye meya angachite chiyani pa maphunziro? Zilipo ndithu, kungoti si zokongola pa wailesi. Angagule madesiki. Angamange chipinda chimodzi ziwiri kuti ana achoke pansi pa mtengo, ndipo amene anakhalapo ku Tete mwezi wa Okutobala kapena Novembala akudziwa kuti kuphunzira panja dzuwa la kuno si masewera, kutentha kumadutsa madigiri 40 mwana mutu uli pa moto. Angamange zimbudzi ndi kuika thanki ya madzi, zomwe kwa atsikana akuluakulu ndi nkhani yoti apitirize kapena asiye. Angakonze kamsewu ndi kamlatho kuti dzinja ana awoloke. Angaletse baraka ya mowa ndi sipika yake kutsegulidwa pa geti la shikola, poti lisensa amapereka ndi iyeyo. Koma chachikulu kuposa zonse chomwe anthu sachiganizira ndi malo. Bairu yatsopano ikamagawidwa, munisipiyu ndiyo imayenera kusiya malo a shikola, a chipatala ndi bwalo la mpira. Malo amenewo akagulitsidwa mwakabisira kwa munthu womanga ma lodge, ndiye kuti ana a bairu imeneyo adzayenda makilomita kwa zaka makumi atatu zikubwerazi, ndipo palibe nduna ya ku Maputo ingakonze zimenezo.

Lamulo la maphunziro la 2018 linati mwana aphunzire mokakamizidwa mpaka kalasi 9 osalipira matrikula, ndalama yolembetsera ija, pulayimale nkukhala kalasi 1 mpaka 6. Nzabwino, koma ana anachuluka zipinda zili zomwe zija, ndiye mashikola ena amagawa ana katatu patsiku, ena mmamawa ena masana ena madzulo, mwana amakhala mkalasi maola ochepa nkubwerera. Aphunzitsi akhala akudandaula za ma ora ezitira osalipidwa kwa zaka. Makolo nawo amauzidwa kuti shikola njaulere kenako nkumva za ndalama ya mlonda, ya mayeso, ya choko. Pali kanthu kena komwe ife olankhula Chinyanja tiyenera kukadziwa, kuyesa koyamba kophunzitsa ana m'chilankhulo chawo m'dziko muno, pulojekiti ya PEBIMO ya 1993 mpaka 1997, kunachitikira kuno ku Tete m'Chinyanja ndi ku Gaza m'Chichangana, ndipo kuyambira 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa mu ndondomeko ya dziko. Koma pitani mukafunse kuti mabuku a Chinyanja kapena Chinyungwe alipo angati mkalasi. Munisipiyu yomwe ili ndi chidwi ikanatha kuyamba ndi ka laibulale kamodzi pa bairu, sizifuna chilolezo cha nduna zimenezo.

Kumbali ya bizinesi ndiye pali misonkho iwiri yomwe anthu amaisakaniza. Ya AT, Autoridade Tributária, ndi ya boma lalikulu, kumeneko ndi kwa NUIT, nambala ya msonkho ija, kwa IVA, msonkho wa pa zogula, yomwe inatsika kuchoka 17% kufika 16% mu 2023, ndi ISPC yomwe inabwera 2009 kuti wa bizinesi yaing'ono azingopereka 3% ya zomwe wagulitsa mmalo mwa misonkho yambirimbiri. Ya munisipiyu ndi ina, TAE, lisensa ya baraka, ya chikwangwani, ya malo oimikapo txopela. Ndiye mnyamata wotsegula ka saluni amalipira uku, mawa kubwera ena a yunifolomu ina, iye nkumati koma ndinalipira kale, iwo ati zimenezo si zathu. Ofesi ya boma ya BAÚ inakhazikitsidwa kuti mapepala a bizinesi azithera pa khomo limodzi ndipo yathandizako, koma kwa munthu wa ku Ulongwe kapena ku Domwe ulendo wokha wa chapa ndi ndalama kale.

Ngongole zothandiza ma bizinesi nazo tinaziona. Nthawi ya pulezidenti Guebuza kuyambira 2006 kunabwera ma 7 miliyoni metikali a disitiriti iliyonse, kenako ngongole ya PERPU ya m'mizinda ikuluikulu yomwe inkadutsa ku munisipiyu. Ganizo linali labwino koma obweza anali ochepa kwambiri, chifukwa ambiri anazitenga ngati mphatso ya chipani ndipo ogawawo ankayamba ndi abale awo. Mayi wa xitique, chipereganyu chija, amabweza ndalama ya anzake tsiku lake osaphonya chifukwa akudziwa kuti mawa adzakumana nawo pa mjigo, koma ya boma aaa, mwini wake ndani? Ine ndikanakhala meya (musaseke) sindikanayamba ndi ngongole. Ndikanayamba ndi shedi ya pamsika yosadontha, malo osungira katundu usiku, magetsi kuti amayi agulitse mpaka 8 koloko, ndi malo otsitsira ma lole. Kachewere, kabichi, nyemba ndi chimanga cha ku Angónia ndi Tsangano chimadyetsa Tete, Beira mpaka kutali, koma mlimi amagulitsa motchipa pa msewu chifukwa alibe posunga, phindu limapita kwa wa lole. Yunivesite ya UniZambeze ili ndi fakuludade ya zaulimi pa Ulongwe pomwepo, fodya ali ndi fakitale yake mu Tete, koma kachewere mpaka lero amangochoka m'matumba momwe anakumbidwira.

Nanga malasha? Funso limeneli aliyense amafunsa, kuti Moatize ndi chuma chonsechi bwanji fumbi lokhalokha. Kampani ya Vale inapatsidwa mgodi 2004, inayamba kutulutsa 2011, kenako inagulitsa kwa Vulcan pa madola 270 miliyoni. Kampani ya Rio Tinto inagula Riversdale, eni ake a mgodi wa Benga, mu 2011 ndi mabiliyoni a madola nkudzagulitsa mgodi wa Benga kwa ICVL mu 2014 pa madola 50 miliyoni okha. Nthawi ya chisangalalo ija lendi mu Tete inakwera ngati ku Maputo, mahotela anamera, kenako mitengo ya malasha itagwa nyumba zambiri zinatsala zopanda anthu. Koma misonkho ikuluikulu ya migodi sipita ku munisipiyu, imapita ku Maputo. Chomwe chimabwerera ndi 2.75% ya msonkho wa zokumbidwa yomwe inayamba 2013 kupita kwa anthu ozungulira mgodi, ndipo mu 2022 boma linalengeza kuti ikwere kufika 10%, pomwe 7.25% ipite ku provinsiya ndi madisitiriti. Anthu a ku Cateme omwe anasamutsidwa nkudzatseka njanji mu Januwale 2012 angakuuzeni bwino kusiyana kwa lonjezo ndi chomwe chimafika. Munisipiyu imatsala ndi zinyalala za anthu obwera kudzafuna ntchito, misewu yophwanyidwa ndi magalimoto olemera, ndi ana ofuna malo mkalasi. Damu la magetsi la Cahora Bassa nalo lili mu provinsiya yomwe ino, linabwerera m'manja mwa Mozambique 2007, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tsono za khalidwe, kapena tinene mosabisa, za katangale. Pa Chipwitikizi cha kuno pali mawu oti cabritismo, kuchokera ku mwambi uja woti mbuzi imadya pomwe aimangirira, ndipo ife a ku Tete dziko la mbuzi timaumva bwino. Malamulo alipo okwanira. Lamulo la Probidade Pública, lomwe linayamba 2012, limati akuluakulu a boma kuphatikizapo mameya alembetse chuma chawo polowa pampando, ndipo asapereke kontalakiti ku kampani yawo kapena ya m'bale wawo. Pali GCCC yofufuza katangale, pali Tribunal Administrativo yomwe imayang'ana mabuku a ndalama, pali lamulo la 2014 lopatsa nzika ufulu wopempha kuona zikalata za boma. Papepala tili bwino kwabasi.

Pansi pano ndi pomwe pali zina. Ine ndinakafunako pepala la puloti mu ofesi ina m'tauni ina, ndinayenda maulendo asanu. Ulendo woyamba ati shefi watuluka, wachiwiri ati sisitema yagwa, wachitatu ati fayilo yanu sikuoneka. Ulendo wachinayi bambo wina wa pa kauntala anandiyang'ana nkunena motsitsa mawu kuti "Achimwene, kunjaku kwatentha, simungaganizeko za refresko?" Ndinanamizira kusamva, ndinati bambo ndibweranso Lolemba. Fayilo inadzapezeka patatha mwezi pomwe mlamu wanga yemwe amadziwana ndi wina mkatimo anaimba foni, ndiye musandione ngati woyera, sindinapereke ndalama koma ndinadutsa pa khomo la kuseri lomwe munthu wopanda mlamu alibe. Nkhani ya malo ndiyo phata la katangale wa m'matauni. Lamulo limati nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa, munthu amangopatsidwa DUAT yoti agwiritse ntchito. Koma aliyense akudziwa kuti mapuloti amagulitsidwa tsiku lililonse, amangolemba kuti ndagulitsa mitengo ya mango ndi maziko, ndipo puloti imodzi imatha kukhala ndi eni atatu aliyense ndi pepala la sitampu.

Pamsika napo pali kabuku ka senya koona ndi kabuku kosindikiza kuseri, kapena fisikali kunena kuti mayi ingondipatsani theka ndisang'ambe. Mayiyo amaona ngati wapulumutsa, fisikali wapeza ya ndiwo, chimbudzi chikhala chodzadza. Nchifukwa chake ma munisipiyu angapo m'dziko muno ayamba kutolera ndi timakina kapena kudzera pa foni ndi ku banki, poti M-Pesa ndi e-Mola aliyense ali nazo kale. Zimathandiza ndithu chifukwa ndalama sigona m'thumba la munthu, koma makina satseka dzenje la pamwamba, la ma kontalakiti a misewu yomwe phula lake limasenda mvula yoyamba. Komanso wa pansi amaonera wa pamwamba. Dziko lomwe linabisa ngongole za madola pafupifupi 2 biliyoni, zija zinaululika 2016 mpaka opereka thandizo kuimitsa ndalama zawo, nkovuta kuuza fisikali wolandira malipiro ochepetsetsa kuti 5 metikali ndi tchimo. Ndipo amene amayesa kulimbana nazo sizimuyendera mophweka, Mahamudo Amurane meya wa Nampula yemwe ankalankhula poyera za katangale anawomberedwa pa 4 Okutobala 2017, tsiku la mtendere lenilenilo.

Pali zomwe zinayesedwa kwina zomwe sizifuna ndalama zambiri. Ku Dondo kufupi ndi Beira anayamba kalekale kuitana anthu a m'mabairu kuti anene okha chomwe chiyambe kumangidwa, Maputo nayo inayesa bajeti yotere kuyambira 2008. Misonkhano ya asembuleya ya munisipiyu ndi yotseguka, munthu wamba akhoza kukakhala kumbuyo nkumamvera ma vereadori, nduna za meya zija, akufotokoza bajeti, koma ndani amapita? Ine ndinapitako kamodzi, ife ongomvera tinali ochepa moti mlonda anandifunsa ngati ndasochera. Vuto lina zonse zimayankhulidwa ndi kulembedwa m'Chipwitikizi cha maloya, pomwe olipira senya ambiri amayankhula Chinyungwe, Chinyanja ndi Chisena. Chomwe ine ndimalakalaka ndi bolodi chabe pa geti la msika uliwonse, lolembedwa ndi choko m'chilankhulo chathu, mwezi uno tatolera zakuti, zapita ku zakuti, zatsala zakuti. Ku tchalitchi timachita zimenezi Lamulungu lililonse ndi ndalama ya mbale, ku komiti ya maliro timachita, palibe amafunsa digiri.

Nditabwerera kwa azakhali ndinayesa kuwafotokozera zonsezi, za FCA yochedwa, za IPRA, za kuti desiki ya mdzukulu wawo ili pakati pa meya ndi SDEJT ndipo aliyense amaloza mnzake. Anamvetsera mpaka kumapeto uku akusankha anyezi owola. Kenako anatsegula kachitini kaja, kutulutsa mulu wa senya womanga ndi mphira, nkuti "Chabwino mwana wa achimwene, za ku Maputo zisiye. Izi zokha ndi za chaka chino. Pa benchi lathu tilipo amayi 14. Tawerengera, chimbudzi kupopa ndi ndalama zingati?" Ndinatenga foni nkuyamba kuwerengera, iwo anati ndikamaliza ndilembe papepala m'Chipwitikizi, Lachisanu akapereka kwa shefi wa msika pamodzi ndi anzawo.